Mpando wa Atcheyaledi

Malemu amuna anga ankandichenjeza kuti, "Akasintha dzina la mpando, mudziwe kuti akufuna mpandowo."

Ndine gogo wa ku Sinda. Ndakalambira pa utcheyaledi wa amayi a pamsika, abambo ali ndi tcheyamani wawo. Chaka chatha mlembi wa komiti anati, "Amama, masiku ano kulibe tcheyaledi kapena tcheyamani. Timangoti tcheyapesoni, kuti tifanane."

Ndinamuyang'anitsitsa. "Nanga mipando iwiri ija?"

"Ukhala umodzi."

Anakhalapo ndi bambo. Amayi amene ankadzaza pakhonde panga ndi madandaulo awo sabweranso. Ankangonditchula Atcheyaledi, ndiye pano akandiona amasowa poyambira, nkungodutsa.

Omvera mukamadutsa ku Sinda, dzandioneniko. Ndidzayamba ndasuzumira pazenera, koma ndidzatsegula.