Ndodo Yoyera Silowa M'bokosi

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1958, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndikuyankhulane ndine mlongo wawo wamng'ono. Sukulu analekezera sitandade 8, ndipo mu 1977 anayamba kusoka pakhonde la sitolo. Ulusi ankaulowetsa m'singano uku akucheza, n'chifukwa chake ambiri munkawatchula kuti a Singano. Anakwatiwa mu 1980, ndipo amuna awo anatsogola mu 2001.

Mu 2009 maso anayamba kuchita chifunga, pofika 2011 anasiyiratu kuona. Apa ndinene zoona ngakhale tili pamaliro: ife achibale tinawatsekera m'nyumba zaka zinayi. Tinkati n'chikondi. Mpando pawindo, wailesi pambali, loko pageti. Mayi amene analera ana atatu ndi makina osokera tinkawaperekeza ndi kuchimbudzi komwe.

Mu 2015 mphunzitsi wa anthu osaona anawapatsa ndodo yoyera. Anayambira pakhonde, kenako pageti, kenako mumsewu. Ngalande ankaidziwa ndi kaliridwe ka ndodo, pokhotera ankapamvera paphokoso la owotcherera zitsulo. Anagwa kawiri, n'kudzuka okha. Ife m'malo monyadira tinachita manyazi, ati anthu aziti tawataya. Mwana wawo woyamba anabisa ndodoyo pamwamba pa kabati. Malemu sanakangane naye. Anazula mpini wa mopu n'kutuluka nawo masanasana, kugogoda msewu wonse mpaka pakhonde la sitolo paja. Ndodo inatsika pakabati tsiku lomwelo, ndipo zaka zisanu ndi zinayi anayenda okha kumsika ndi kuchipatala.

Anayamba kudwala mtima mu Januwale 2024, ndipo atisiya pa 3 Malichi.

Asiya ana atatu ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Ana awiri mukuwaona apa. Wachitatu, mtsikana womaliza, nayenso maso anamuthera chaka chatha, ndipo sali pano. Amuna ake, akamwini athu akhala apowo, amusiya kunyumba, ati angapunthwe kumanda. Maliro a mayi ake omubala akuwamvera kuseri kwa geti. Zandiwawa, ndipo ndakwiya, chifukwa loko ameneyo ndikumudziwa: wa pageti la malemu ndinakagula ndine.

Ena mumafuna ndodoyo ilowe m'bokosi. Malemu anakana akadali moyo, ndipo anatchula mwini wake: mwana womaliza uja.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anansi amene mwatigwira mkono, komanso mphunzitsi uja, amene wavomera kuyambiranso ndi mwanayu. Amene muli ndi changu mutikhululukire, bokosi silinyamuka mpaka mwanayo atafika. Galimoto yapita kale kukamutenga, ndipo ndodo ili momwemo. Akamwini, mukamuona akutsika musamugwire dzanja.

Achemwali, geti tatsekula mochedwa. Mzimu wanu uuse mumtendere.