Masikono a Odwala Ndinadya Ndine

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine sindinali chidakwa. Mowa sindinaulawepo. Ukapolo wanga unali wa m'khitchini, ndipo unanditopetsa.

Zaka zija za chipani chimodzi ndinkaphika kunyumba ya bwana wina ku Kabulonga, koma ndinkakhala ku Kabwata. Amuna anga anapita kumigodi kukafuna ntchito, osabweranso, ngakhale kalata. Ndikaweruka, kunyumba kunalibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Ndiye ndinkadya. Sinali njala ayi. Keke yotsala kwa abwana, mabisiketi, masikono, ndinkangoponya m'kamwa chiimirire mpaka kumva nseru. Miyendo inayamba kutupa. Mtima unali zii.

Khirisimasi ina fulawa inasowa m'tauni monse. Azimayi a mumpingo anaima pamzere masiku awiri mpaka anapeza kathumba kamodzi ndi shuga pang'ono. Anabwera nazo kwa ine kuti ndiphikire odwala a kuchipatala.

M'mawa wa Khirisimasi ndinaphika pambaula, makala pansi ndi pamwamba. Masikono anapsa bwino, ofiirira. Ndinati ndilawe imodzi. Kenako ina. Pamene bana Chanda, mtsogoleri wa azimayi, ankagogoda pakhomo, m'thireyi munali mutatsala anayi okha.

"Enawo apserera," ndinanama.

Anayang'ana nyenyeswa pachitenje changa. Sanakalipe. Anangoti, "Valani nsapato, ba Esinala. Odwala akudikira."

Njira yonse ndinkafuna kuthawa. Muwodi munali modzaza. Bana Chanda ananyemanyema masikono anayiwo kuti aliyense alaweko. Mayi wina wowonda kwambiri analandira kachidutswa kake ndi manja awiri, n'kumadya pang'onopang'ono atatsinzina. Atamaliza anandigwira.

"Mwaphika ndinu? Mulungu adalitse manja awa."

Ndinagwada pambali pa bedi lake, n'kuulula zonse, anthu akumva. Bana Chanda anagwada nane, napemphera: "Ambuye, mwana wanu walema. Njala yake si ya m'mimba. Mukhutitseni ndinu."

Sizinathe tsiku limodzi. Ndinagwa kangapo, ndipo kangapo azimayi aja anandidzutsa. Miyendo imandivutabe mpaka lero. Koma Khirisimasi ikafika ndimaphika, ndipo ndimadya nawo: sikono imodzi ndi tiyi, nditakhala pakati pa anthu. Imakoma. Ndikamaliza ndimathokoza, n'kupatsira mnzanga thireyi.

Alemekezeke Yesu amene sanachite nane manyazi. Mbale wanga, mlongo wanga, ngati pali chimene umabisala nacho kuseri kwa chitseko, usadikire kuti uyambe wasiya. Bwera nacho chomwecho. Malo ogwada alipo pano.