Matenda a Lachiwiri

Ahedi ankadziwa ana asukulu yawo ndi malikisi, osati nkhope, ndipo mwana wa nambala 58, wotsiriza m'kalasi, ankawasowetsa mtendere. Mayeso aboma anali Lachiwiri, ndipo mwana mmodzi wolakwa akanatsitsa sukulu yonse pamndandanda. Choncho anaitanitsa bambo ake, akalipentala, amene anafika pensulo ili kukhutu n'kuyamba augwedeza mpando asanaukhalire.

"Mwana wanu, bambo, sakundionekera bwino," anayamba ahedi motsitsa mawu. "Ndikuona ngati Lachiwiri adzadwala."

"Adzadwala chiyani?"

"Chilichonse. Mutu, m'mimba..."

"Nanga poti m'mawa uno wadya mbale ziwiri?"

"Sindikunena za lero ayi."

"Ha, kani munaphunziranso zaudokotala?"

Ahedi anapukuta thukuta. Kuti anene mosapsatira ankachita manyazi, kuti aisiye nkhaniyo ankaopa mabwana a zamaphunziro. Anafotokoza mozungulira kuti sukulu ya tsidya chaka chatha inakhozetsa ana onse, kuti iwo analeka kale zojambula, zoimba ndi zakudimba pofuna kuipitirira, ndiponso kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

"Nsomba sanadye," anatero akalipentala. "Koma ndifunseko, chaka chino mwamuphunzitsa chiyani?"

"Mapepala a mayeso akale. M'mawa, masana, ngakhale Loweruka."

"N'chifukwa chake ndikamufunsa kutalika kwa thabwa amati ndimupatse mayankho anayi asankhepo. Ndiye mwamukonzekeretsa chaka chathunthu kuti mayesowo asalembe?"

"Adzalemba chaka chamawa, akadzachira."

"Matenda a chaka chonse? Iii, ndiye ndithamange naye kuchipatala lero lomwe. Ndilembereni kakalata, musainire kuti mwawaona ndinu."

"Ayi, kalata ayi!" Ahedi anabisa cholembera m'dirowa. "Angogona kunyumba basi. Tsiku limodzi, pambuyo pake azisewera."

Akalipentala anachotsa pensulo kukhutu, n'kukanda nayo m'mutu, nkhope ili ndi nkhawa yeniyeni.

"Kodi matendawo ndi opatsirana?"

Apa mtima wa ahedi unakhala pansi. Anaona kuti khomo latseguka, ndipo analowa ndi miyendo yonse iwiri.

"Kwambiri! Asayandikire n'komwe mpanda wa sukulu. Ndi aliyense amene wakhudzana naye."

"Mwachita bwino kundichenjeza." Akalipentala anaimirira, n'kubwezera mpando pamalo pake. "Basi, onse awiri agona. Paja amafunda bulangete limodzi ndi mkulu wake."

"Mkulu wake uti?"

"Wa m'kalasi momwemo. Uja mumamuimika kutsogolo mabwana akabwera, mumati Nambala Wani."

Ahedi anayang'ana pakhoma pomwe panali mndandanda wa malikisi, pamwamba kenako pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba anawerenga maina a makolo. Akalipentala anali atagwira kale chitseko, akudandaula kuti mahinjesi ake ngotha.

"Bambo, takhalani pansi kaye," anatero ahedi. "Ndikamuyang'anitsitsa mwana wanu uja, ndikuona kuti wayamba kupeza bwino."