Lamba Wodulidwa ku Chubu cha Njinga

Moni kwa inu anzanga a m'gulu la achinyamata pampingo wathu, ndi kwa aliyense amene pepalali lidzamufike m'manja. Ndine Filomena, ndili m'kalasi lachikhumi kusekondale kuno ku Milange. Zimene ndilembe apa ndazitola m'kope langa la zochitika za tsiku ndi tsiku. Ndikufuna kuchitira umboni za miyezi iwiri imene bambo anga anagona pamphasa popanda matenda oti dokotala n'kuwaona, ndi mmene Mulungu anawadzutsira.

Ine ndinabadwira kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, ku Malawi, ndipo tinabwerera kuno ndili kumsana kwa mayi. Kumsasako bambo anaphunzira kukonza mawailesi. Ntchito yawo yeniyeni ndi kulima chimanga ndi nandolo, koma magetsi atafika m'dera lathu anayamba kutolera mawailesi akufa oimba zimbale za masidi, amene amalonda amabwera nawo kuchokera ku Muloza. Sankakonza kuti agulitse. Ankangokonda kumva chinthu chotayidwa chikuyambanso kuimba. Loweruka masana ankayala nsalu pakhonde, ine n'kukhala pambali. Ankandiphunzitsa kuti khutu ndilo liziyamba, sikuludiraiva izibwera pambuyo. Mota ikamalira koma kathireyi kolandira chimbale osatuluka, vuto si la magetsi. Chimbale chikazungulira pang'ono n'kuima, ndiye kuti kadiso kowerengera nyimbo kada ndi fumbi.

Mayi ankaimba m'kwaya. Chaka china kwayayo inawoloka kukajambulitsa nyimbo ku Malawi, ndipo aliyense anabwerako ndi chimbale chimodzi. Mayi anatisiya m'chilimwe chathachi atadwala masiku ochepa. Anthu a pamaliro atabalalika, bambo ankaimba chimbalecho m'mawa uliwonse. Tsiku lina anadina batani kuti achitulutse achipukute, koma kathireyi kanangosuzumira pang'ono n'kuima. Chimbale chinatsekeredwa m'kati, osatuluka, osaimba.

Imeneyi inali ntchito yoti iwo akanaitha dzuwa lisanafike pamutu. Koma anangozula waya kukhoma, n'kuphimba wailesi ndi kapulana ya mayi, chitenje chawo chija. Anati, "Basi, watonthola." Kenako anakagona.

Kuyambira pamenepo chakudya ankangochilawa. Anzathu anayamba kugalauza m'minda, wathu uli thengo. Tinawanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala, koma anamwino anati thupi lilibe vuto. Akulu a mpingo anabwera kudzapemphera, bambo n'kumangoyankha ameni nkhope ili kukhoma. Azakhali anandinong'oneza kuti munthu wotere akutsatira mkazi wake. Tsiku limenelo ndinalemba m'kope kuti ndikuopa kufika Khirisimasi ndilibe kholo ngakhale limodzi. Mapemphero anga anafupika mpaka anatsala mawu atatu: Ambuye, adzutseni bambo.

Ndinaganiza zokonza ndekha wailesiyo. Ndinaitulutsa pakhonde, ndinaitsegula, n'kutchera khutu monga anandiphunzitsira. Mota inkalira bwinobwino, koma magiya okoka kathireyi sankayenda. Apa m'pamene ndinalakwitsa. Kuno makina amene tonse tinakula nawo ndi njinga, ndipo chilichonse chokana kuzungulira timachithira oyilo. Ndinapita kuseri kukapempha oyilo wa njinga kwa mkazi wa a Muhala, a nyumba yoyandikana ndi yathu, n'kudonthezera pamagiya ponse, ngakhale pa lamba wamng'ono wamphira wolumikiza mota ndi magiyawo. Nditayatsa, kathireyi kamene poyamba kankanjenjemerako kanangoti zii. Mota inkangozungulira yokha.

Ndinakhala pansi n'kulira mwakachetechete, poganiza kuti ndawapha mayi kachiwiri.

A Muhala ndi oyandikana nafe, ndipo amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wa ku Mongue. Iwo sanathawe nthawi ya nkhondo. Makolo anga pobwerera anapeza atabzala nthochi m'mizere itatu ya munda wathu. Nkhaniyo sinathe bwino, moti chikulire changa sindinawaonepo bambo ndi a Muhala atakhala pamodzi. Ndikanati nditchule anthu amene Mulungu angatitumizire, iwo akanakhala omalizira.

M'mawa mwake ndikukabweza botolo, ndinawapeza okha. Anandifunsa kuti oyilo ndimathira chiyani, popeza njinga yathu amaiona ili chopachika. Ndinawafotokozera zonse. Anati, "Iwe menina, mtsikana iwe, wathira oyilo pamphira? Za masidi sindizidziwa, koma mphira ndi oyilo sizidyera mbale imodzi." Anatola chubu chakale ndi sizasi, n'kunditsatira.

Atafika anaodira pakhomo, koma m'nyumba simunachoke yankho. Anakhala pakhonde, pafupi ndi zenera la chipinda cha bambo. Anavula lamba uja, amene anali atatamuka ngati chingamu, n'kundiuza kuti ndipukute magiya ndi kansalu konyowetsa ndi sopo mpaka chala chisaterereke. Iwo anadula chubu chopingasa, ndipo panatuluka kamkombero kamphira kofanana ndi mphete. Tinakakoleka pamota. Titayatsa, mota inabuula ngati munthu wosenza thumba, n'kuima. Anadula kena, zomwezo. Anadula kachitatu akudziyankhulira m'Chilomwe.

Ndiye tinamva mawu kuchokera pazenera, osasa ngati chitseko chosatsegulidwa kalekale. "Mukudula wonenepa. Muwotcha mota."

A Muhala sanatembenuke n'komwe. Anayankha kuti, "A vizinyu, anzanga oyandikana nane, ine ndimakonza zinthu zokwera anthu. Ngati mukudziwa kunenepa kwake, bwerani mudzandionetse."

Kenako tinamva mphasa ikukhwekhwereza. Bambo anatuluka atagwira khoma, maso akuphethira ndi kuwala. Ndinaona mmene anaondera, ndipo ndinaopa kuyankhula kuti angabwerere. Anakhala pansi, anakana sizasi, n'kundituma lezala. A Muhala anakoka chubu pathabwa, bambo n'kumadula. Timikombero tiwiri tinaduka. Kachitatu kanatuluka kowonda ngati ulusi wosokera thumba. Asanakakoleke ananunkhiza magiya, n'kundiyang'ana. Ndinavomera kuti oyilo ndinathira ndine. Sanandikalipire. Anangoti aliyense wa kuno amayamba ndi kulakwitsa kumeneko, ngakhale iwo wailesi yawo yoyamba kumsasa anaithira mafuta ophikira.

Atadina batani, kathireyi kanatuluka pang'onopang'ono mpaka kumapeto, chimbale chili bwinobwino, chopanda chipsera. Anachipukuta kuchokera pakati kupita kunja, anapukutanso kadiso ndi thonje louma, n'kuchibwezera. Kwaya inayamba. Ine m'nyimbo zimenezo sindinkatha kusiyanitsa mawu a mayi ndi a amayi ena. Koma pa nyimbo yachiwiri bambo anakweza chala, n'kuuza a Muhala kuti amvetsere munthu amene akulowa mochedwa pang'ono anzake atayamba kale. Anati ameneyo ndi mayi a Filomena, ndipo ngakhale kutchalitchi ankachedwa chomwecho. Anaseka, kusekako n'kusanduka kulira. Kanali koyamba kuwaona akulira chiikireni maliro. A Muhala anavula chipewa n'kuyang'ana pansi mpaka nyimbo inatha.

Ndinali nditaphika chinangwa, ndipo ndinachibweretsa m'mbale imodzi chifukwa ndinalibe nthawi yoganiza za mbale ziwiri. Anadya onse, bambo mpaka anapempha mchere.

Sindinena kuti anachira tsiku lomwelo. Masiku ena ankagonanso mpaka masana, ndipo nkhani ya nthochi ija sanaikambe mpaka lero. Koma patapita sabata anadzuka ine ndisanadzuke, ndipo ndinawapeza akunola khasu pamwala. Tinabzala mochedwa, komabe chimanga chamera.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losauka la mawu atatu, n'kuliyankha kudzera m'kulakwitsa kwanga komanso mwa munthu amene sitinkamuwerengera. Ndikuthokozanso a Muhala, ngakhale iwo amati anangobwera kudzateteza dzina la oyilo wawo. Mnzanga amene uli ndi munthu wogona chotero kunyumba, usaleke kumupempherera ngakhale mawu atakuthera, ndipo usamusankhire Mulungu munthu woti atume. Pamene ndikulemba izi bambo ali pakhonde ndi wailesi ina yakufa yochokera ku Molumbo, ndipo andiitana kawiri kuti ndikamvetsere mmene ikulirira. Ambuye akusungeni nonse.