Gladness ndi Mafayilo a Akuba Fodya

Kodi mungalote kuti Gladness anawerenga milandu ingati tsiku limene anapita kupolisi kukachita kafukufuku wake?

Mtsikanayu anali wophunzira wa kuyunivesite, ndipo aphunzitsi ake anali atamuuza kuti akapanda kubweretsa zolembedwa za apolisi pa milandu ya kuba fodya, digiri aiwale. Choncho anakwera kabaza mpaka pa kapolisi kena kufupi ndi Santhe, pomwe anapeza a Sajenti Fundo akusongola pensulo ndi lezala.

A Sajenti anamulandira bwino, koma anamuuza kuti pamalo pawo fayilo imawerengedwa ndi anthu atatu okha: wodandaula, wapolisi wogwira mlanduwo, ndi woganiziridwa.

"Ndiye inu achemwali ndinu uti?"

"Ndine mwana wasukulu, bwana."

"Ameneyo pa atatuwa palibe. Akuberani fodya?"

"Sindilima n'komwe."

"Pepani kwambiri."

Gladness anakoka benchi n'kukhala. Anati ngati mafayilo ndi oletsedwa, angomuyankha pakamwa. Anafunsa miyezi imene mabelo a fodya amabedwa kwambiri, njira zimene akuba amadzera akachoka m'zigafa, komanso chifukwa chake ena sagwidwa. A Sajenti anaika lezala pansi.

"Mukufuna kudziwa mmene amachitira amene sagwidwawo?"

"Eya, makamaka amenewo."

"Mukadziwa mutani nazo?"

"Ndikagawana ndi anzanga."

"Ohoo, muli gulu. Mtsogoleri wanu ndani?"

Gladness anatchula dzina la aphunzitsi ake monyadira, n'kuwonjeza kuti ndi katswiri pa nkhani za umbava ndipo ndi amene anamutuma. A Sajenti anadzuka mwaulemu n'kukankha chitseko ndi phazi. Apa mtsikanayo anaona kumene nkhani ikulowera, koma anakumbukira digiri.

"Paja mwati woganiziridwa amawerenga fayilo?"

"Ndi ufulu wake."

"Ndilembeni, bwana."

A Sajenti anatulutsa fayilo yatsopano, anamufunsa mudzi ndi mfumu yake, ndipo analemba mafunso ake onse aja osasiyako ngakhale limodzi. Atamaliza anamupatsa ndi manja awiri.

"Nanga mafayilo ena ali pashelefuwo?"

"Amenewo ali ndi eni ake. Inu werengani yanuyi, ndipo Lolemba mubwere ndi mtsogoleri wanu."

Gladness anawerenga mlandu umodzi, ndipo unali wake.