Makoko a Anyezi Amene Ndinkawiritsira Ababa

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo nonse, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ameni? Yankhani mokweza, chifukwa anga mawu lero ndi ofooka.

Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Ndakhala ndikuuzengereza umboni umenewu miyezi yambiri, ndipo ndikalira pakati mundidikire, ndimaliza.

Ambiri mukundidziwa, ndine Lute, uja amaphika ku loji kuno ku Nkopola. Khalidwe langa mukulidziwanso, musaname. Ndikangomva kanthu kamodzi, ndimakhala ngati ndinakakaphunzira ku koleji. Pakamwa panga sipachedwa. Khalidwe limenelo ndi limene linatsala pang'ono kupha bambo anga ondibereka.

Ababa amakhala ku Nkhudzi. Moyo wawo wonse akhala akusoka maukonde. Ukonde wa chilimira ukang'ambika pamiyala, eni ake ankaunyamula mpaka pakhomo pathu, kudutsa osoka ena onse, chifukwa pamene asoka ababa sipang'ambikanso. Koma ukalamba unafika. Zala zinayamba kuuma ndi nyamakazi, mawondo kukana, kenako kuchipatala anawapeza ndi bipi, kuthamanga kwa magazi kuja. Anawapatsa mapiritsi akumwa m'mawa uliwonse, osadumphitsa. Ndikapita Loweruka kukawaona, ndinkapeza singano ikuwapulumuka m'manja, iwo n'kuitola msanga kuti ndisaone. Ndinkaona, abale. Ndinkaona, ndipo zinkandipweteka.

Chaka chatha ku loji kunabwera mlendo, mayi wachikulire wochokera kunja. Ankakonda kulowa m'khitchini kudzacheza nafe. Anati kwawoko ankagwira ntchito yofufuza matenda a ukalamba. Tsiku lina ndikusenda anyezi, anatola khoko lofiirira lija n'kuyamba kundifotokozera pang'onopang'ono kuti ndimve. Akuti thupi lathuli linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Munthu akamakula, maselo ena amatopa. Sagwiranso ntchito, komanso safa, amangokhala pomwepo n'kumawononga anzawo, ngati ulusi wotha mu ukonde umene umang'ambitsa ndi pabwino pomwe. Ndiye akatswiri akufufuza zinthu zopezeka m'zomera, monga m'makoko a anyezi ndi m'zipatso zina, zimene mwina zingachotse maselo otopawo.

Mvetserani bwino apa, sindikufuna kumunamizira mlendo uja. Anati mwina. Anati akuyesabe, makamaka pa mbewa. Anatinso kuwiritsa makoko m'poto si zimene akatswiriwo amachita. Zonsezo ananena, ine ndili pomwepo ndi mpeni m'manja. Koma m'makutu mwanga munalowa mawu awiri okha: anyezi ndi ukalamba.

Kuyambira tsiku limenelo khoko la anyezi silinapitenso kudzala. Ndinkatolera, kuyanika, kuwiritsa, madzi ake ofiira n'kuthira m'mabotolo. Loweruka ndinakwera nawo mpaka ku Nkhudzi.

“Ababa, ndakubweretserani mankhwala ochotsa ukalamba. Anandiuza ndi dokotala wakunja.”

Anayang'ana botolo. “Ndi a kuchipatala amenewa?”

“Ayi ababa, awa ndi achilengedwe, a zomera.”

“Oho. Basi ndamva, mayi.”

Anamwa, nkhope ili tsinya ndi kuwawa kwake. Patapita mwezi anandiuza kuti zala zayamba kupepuka. Kaya zinkapepukadi, kaya ankangofuna kundisangalatsa, Mulungu ndiye akudziwa. Koma ine, kudzitama kwake! Amayi ena muli pano ndinakuuzani pamjigo, ena munachita kundipempha botolo. Musayang'ane pansi, wolakwa ndine. Ngati mukadali nalo, mukataye lero lomwe.

Tsono pali chinthu chimene ndinaiwala. Tonse okulira kunyanja kuno tinaleredwa ndi lamulo limodzi, lakuti mankhwala achikuda ndi achizungu samwera pamodzi, amalimbana m'mimba. Ukayamba ena, enawo usiye. Si choncho? Ine ndinakulira momwemo, ndinalimva lamulo limenelo kuyambira ndili mwana. Ndinawauza ndekha ababa kuti awa ndi a zomera, ndipo mutu wangawu sunagunde ngakhale pang'ono.

Panapita miyezi inayi. M'mawa wina ndili pantchito, alamu anga, akazi a achimwene, anandiimbira foni akulira. Ababa anali atakhala pansi pa mtengo akusoka, kenako anangopendekeka n'kugwera pa ukonde. Ndinakawapeza kuchipatala. Pakamwa patapotoka, mbali yonse yakumanja itafa, malovu akutsika. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti andizindikira, koma mawu osatuluka. Abale, bambo amene ankaitana bwato lili kutali n'kumveka, osatha kutchula ngakhale dzina langa.

Adokotala anati ndi sitiroko, bipi inakwera kwambiri. Anafunsa kuti, “Mapiritsi aja amamwa?”

Anayankha ndani? Mukuganiza kuti anayankha ndani? Ine. “Tsiku lililonse, adokotala.” Ndipo kabuku kawo ka kuchipatala kankandivomereza, chifukwa mwezi uliwonse ankapita kukalandira.

Tsiku lachitatu ndinapita ku Nkhudzi kukawatengera zovala. Ndikufuna lumo lometera ndevu, ndinatsegula kachitini kamene amasungiramo singano ndi ulusi. Mapiritsi onse anali mmenemo. A miyezi inayi, osatsegula, atamangidwa bwinobwino ndi ulusi wa ukonde, mwezi ndi mwezi pawokha. Ankapita kukalandira poopa kukhumudwitsa anesi, n'kudzasunga. Ankamwa anga okha.

Ndinakhala pansi pomwepo.

Ndiye tchimo langa lalikulu ndi ili: sindinauze munthu. Kachitini ndinakabisa m'chikwama, n'kubwerera kuchipatala kukakhala mwana wabwino. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala. Achibale akabwera ankati, “Kubereka ndi kumeneku, mwana ngati Lute.” Mawu amenewo ankandiotcha. Ndinasiya kupemphera, chifukwa ndikatseka maso ndinkaona ulusi uja. Mgonero ndinasiya kudya. Abusa munandifunsa, ndinati ndi ntchito. Ndinakunamizani, abusa, pepani.

Ndinkaopa zinthu ziwiri. Ndinkaopa kuti ababa amwalira ndisanawauze, komanso ndinkaopa kuti ndikawauza atembenukira kukhoma osandiyang'ananso. Mantha awiri amenewo ndinayenda nawo miyezi itatu, thupi n'kutha, zovala n'kumandikhwepa. Ena munkati ndikudwala.

Ababa atatuluka m'chipatala, ndinawatengera kwanga. Mawu anayamba kubwerera pang'onopang'ono, limodzilimodzi, movutikira. Lamulungu lina inu muli muno mukuimba, ine ndinatsala nawo kunyumba. Nyimbo zanu zinkamveka mpaka pakhonde. Ndinamva mumtima kuti lero ndi lero, mawa mwina kulibe. Ndinatulutsa kachitini kaja, ndinagwada, n'kukaika pamiyendo pawo.

“Ababa, ndinawapeza. Amene wakuchitani izi ndine. Mankhwala aja sanali mankhwala, ndinangomva nkhani theka n'kuthamanga nayo. Ndakupherani dzanja, ababa.”

Analimbana ndi mlomo wawo kuti utulutse mawu. Kenako anati, “Awiri... samwera pamodzi.”

“Ndikudziwa ababa, ndinaiwala kukuuzani kuti musasiye.”

“Ndinasankha... ako.”

“Chifukwa chiyani, ababa? Chifukwa chiyani?”

“Unanyamula... kuchokera kutali.”

Ndidikireni pang'ono, abale.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anakweza dzanja lamanzere, lotsalalo, n'kuliika pamutu panga, ndipo silinachoke mpaka inu munaweruka. Pamenepo ndi pamene ndinapempheranso koyamba. Mawa lake ndinakauza adokotala zoona zake, ndinauza achimwene, ndinauza alamu. Achimwene mpaka lero amandilankhula mwa apo ndi apo, ndipo sindiwadandaula.

Mwina tsiku lina akatswiri aja adzawapeza mankhwala a ukalamba, enieni, oyesedwa. Ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti sanali m'poto mwanga. Ndiye inu amene mumasamalira makolo, mukawapatsa kanthu kalikonse, kaya ndi tsamba, kaya ndi muzu, funsani kaye kuchipatala, ndipo muziona ndi maso anu piritsi likulowa m'kamwa. Makolo athuwa amatikhulupirira kuposa mmene tikuyenera.

Lero ababa amayenda ndi ndodo kuchoka pakama kufika pakhonde. Amatchula dzina langa. Asodzi amadutsa ndi maukonde ong'ambika kupita kwa osoka ena, iwo n'kumawatsatira ndi maso mpaka atakhota. Dzanja lija silidzasokanso. Adokotala anatiuza, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti mundiombere m'manja.

Koma ali moyo. Ndikanawaika m'manda ndi chinsinsi changa m'chikwama, koma Mulungu sanalole. Anawasunga mpaka ndinawauza, anawabwezera mawu okwanira kundikhululukira. Zikomo Yesu. Zikomo abusa, zikomo amayi amene munkabwera kudzachapa nane zofunda osadziwa chimene ndinabisa.

Imirirani mukondwere nane, abale. Kondwerani mokweza, mundikondwerereko ndi mbali yanga, poti ine misozi sinathebe. Ameni.