Bakha wa Mkamwini

Pamzere wa buledi mumzinda wa Asyut, mwezi wa Ramadani, amayi awiri amene anali patsogolo panga anatanganidwa ndi nkhani iyi m'malo mosuntha.

"Mkamwini wanga Ramzi ali nane ngongole, achemwali. Chikwatirire mwana wanga, sanamalizepo mbale pakhomo panga. Dzulo pa futari, titamasula kusala kudya, ndinamuwotchera bakha wonona, iye n'kudya mpunga wokha."

"Akudwala?"

"Akuti chilungulira. Chimamukwera mpaka pakhosi n'kumutsamwitsa, moti amagona chokhala ngati mlonda."

"Ameneyo ndi mnzawo wa bambo akunyumba kwanga. Adokotala anawaletsa zamafuta, tsabola ndi khofi. Amamwa mankhwala asanadye daku, chakudya cha m'bandakucha chija, akadya sabwereranso kukagona, ndipo bedi tinalikweza kumutu ndi njerwa. Pano akuchita kuliza mkonono. Muwiritsireni nkhuku, Hajja."

"Mkamwini kumupatsa zowiritsa? Anthu apamdadada adzati ndasauka. Lachisanu adya bakha, apo ayi mwana wanga ndikamutenga."

"Sadya. Ndikanakhala mkazi wake, mbaleyo ndikanamulanda ndine."

"Amamulanda ndi iyeyo, mwana wobereka ndekha."

"Ndiye mukatenga ndani? Ameneyo sabwera. Sunthani, Hajja, buledi atithera."